Sanaphwanye lamulo, koma anzake amuchotsa m'timu

Mayi wina wa ku Lilongwe walemba kuti: "Mwana wanga ali Fomu 3 ndipo amakonda gemu ya PUBG Mobile pa foni. Anzake amuchotsa m'timu yawo, moti masiku atatu tsopano sakudya bwino. Iye akuti sanaphwanye lamulo lililonse. Kodi ndingomulanda foniyo?"

Mayi, musafulumire kulanda foni. Mwana wanu akhoza kukhala kuti akunena zoona, kungoti wakuuzani mbali imodzi.

Malamulo amene iye akunena ndi olembedwa aja, amene aliyense amavomereza potsegula akaunti, ambiri osawerenga n'komwe. Kugwiritsa ntchito mapulogalamu obera, kapena kupangana mobisa ndi mdani pamene aliyense akuyenera kudzimenyera yekha, kumatseketsa akaunti, nthawi zina kwa zaka 10. Mlandu wotere amaweruza ndi eni gemu.

Koma timu ili ndi mwambo wakewake, wosalembedwa paliponse. Gemuyi imatsitsa osewera 100 pachilumba, kawirikawiri m'magulu a anthu anayi. Mnzako akawomberedwa amagwa n'kumakwawa, moyo ukutha pang'onopang'ono, kudikira kuti umudzutse. Iwe ukamudutsa n'kuthamangira kukatola mfuti yabwino, eni gemu alibe nawe kanthu. Amene anali kukwawa uja ndiye saiwala, ndipo mawa sakuitana. N'chimodzimodzi kutola katundu wa mdani amene wagwetsa ndi mnzako, kapena kuzimitsa gemu ili pakati poona kuti zakuvuta. Pa bwalo la mpira timazidziwa izi: wina akavulala, mpira n'kutulutsidwa dala, timu inayo imaubweza ngakhale palibe lamulo loikakamiza. Yesani kusaubweza mumve mmene ochemerera angakukuwizireni.

Choncho musamufunse kuti walakwa chiyani, adzangodziteteza. Mufunseni kuti gemu yomaliza inayenda bwanji, anagwa ndani, iye anali kuti. Akafotokoza yekha adzaona pamene panakhota. Ngati anasiyadi mnzake, alembe uthenga wachidule wopepesa, wopanda mawu akuti "koma".

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa achinyamata amene amabwera kwa ine atangoyamba ntchito amadandaula chimodzimodzi. Kalata ya ntchito imanena nthawi yolowa ndi yoweruka. Siinena kuti lipoti limene mwalemba awiri usakalipereke kwa abwana ngati lako lokha, kapena kuti mnzako akapanikizika umugwire dzanja. Wosatsata zimenezi sachotsedwa ntchito, amangoona kuti mwayi ukabwera dzina lake silitchulidwa. Kuli bwino mwana wanu aphunzire zimenezi pa gemu ali ndi zaka zimenezi kusiyana n'kukaziphunzira malipiro ali pachiswe.

Komabe fufuzani bwino, chifukwa si mwambo uliwonse wa timu umene uli woyenera kuutsatira. Magulu ena amafuna kuti membala azisewera mpaka 2 koloko usiku, azigula zovala za m'gemu ndi ndalama zenizeni, apereke pasiwedi ya akaunti yake, kapena azitukwana nawo anzawo. Ngati amuchotsa chifukwa anakana zotere, palibe chopepesa, ndipo mumuyamikire.

Za foniyo, gwiranani pangano: bandulo ya gemu ikhale ya Loweruka ndi Lamlungu, mkati mwa sabata foni izigona m'chipinda chanu. Chaka chamawa ali ndi MSCE, ndipo anzake a m'timu awauziretu masiku amene azipezeka.