Tigone kuphiriko kapena tingopitirira?

FUNSO: Akonzi, mwezi wamawa ine, akazi anga ndi ana awiri tili ndi ulendo wautali pa galimoto, ndiye pakati pa njira pali katauni kena pamwamba pa phiri. Mayi akunyumbawa akuti tikagone pomwepo koma ine ndimati tingothira mafuta nkupitirira usiku womwewo. Mutithandize.

YANKHO: Bambo, amayiwo akunena zoona, kagoneni. Misewu ya kumapiri ndi yokhotakhota, madzulo nkhungu imangotsika mwadzidzidzi moti ngakhale galimoto ili kutsogolo kwanu simuiona, ndiye muphatikize kutopa kwa tsiku lonse, ana ali kumbuyoko, ayi ndithu musayerekeze.

Mukafika osathamangira kutsekula radiyeta injini ikadali yamoto, madzi ake akuwaulani kumaso. Izizire kaye, kenako muone madzi, oyilo ndi matayala.

Majuzi a ana musaiwale. Mamita 1,000 aliwonse omwe mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, usiku ndiye kumazizira zedi. Tauniyo ikakhala pamwamba kuposa mamita 2,500 ena mutu umawapweteka, kupuma movutikira, wina zikamukulira pitani naye kuchipatala msanga.

Koma nkhani yaikulu ndi potsika mmawa. Ikani giya 2 kapena 3 injini izikugwirirani, chifukwa mukangoponda buleki njira yonse mabuleki amatentha nkusiya kugwira, ndipo zoichotsa mu giya ati kusunga mafuta zija, chonde ayi. Mukamva fungo la kupsa imani pambali, pamalo otakasuka, mpaka azizire.