Kodi "the team are" ndi cholakwika?

Achimwene, mwafunsa ngati buku lanu la galamala lalakwitsa polemba kuti "the team are playing". Ayi ndithu. Ku Britain mayina ngati team, government ndi family amalola is kapena are, pomwe ku America amakonda is. Musafufute mzerewo.

Zolakwika zenizeni zimabisala pena, makamaka m'mapamfuleti okonzekera mayeso a MSCE. Yambani mwapeza mwininkhani wa chiganizo. Mu "the list of names are long", mneni watsatira names chifukwa ali pafupi, chonsecho mwininkhani ndi list, ndiye pafunika is. Muonenso "informations", "advices" ndi "furnitures". Dikishonale ikaika chilembo U pa dzina, ndiye kuti dzinalo siliwerengeka ndipo silitenga s. Mu "discuss about", about achoke.