"Mankhwala a mabakiteriya" akusokoneza ana m'kalasi

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale ina ku Dedza. Ndikati nystatin ndi "mankhwala a mabakiteriya", ana amamva kuti amapha mabakiteriya. Ndinene bwanji? Nanga mafangasi ndingawatchule nkhungu?

Yankho: Aphunzitsi, anawo sakulakwa. Tikati "mankhwala a malungo" timatanthauza othana ndi malungo, ndiye khutu la mwana likutsata njira yomweyo. Nenani kuti "mankhwala opha mafangasi, opangidwa ndi mabakiteriya a m'dothi". Nystatin amapangidwa ndi mabakiteriya otchedwa Streptomyces noursei, ndipo anamupeza Elizabeth Hazen ndi Rachel Brown mu 1950. Amphotericin B, mankhwala enanso opha mafangasi, amapangidwa ndi mabakiteriya otchedwa Streptomyces nodosus.

Nkhungu isiyeni. Mwana wa ku Dedza akamva nkhungu aganiza ya m'mawa ija yophimba phiri. Chuku ndi cha pachimanga chovunda, bowa ndi ndiwo. Candida, fangasi woyeretsa m'kamwa mwa khanda, salowa m'mawu onsewa, choncho "mafangasi" ndiye mawu oyenera.

Mawu ena oti musamale nawo kwambiri ndi "kapangidwe", chifukwa amatanthauzanso mmene chinthu amachipangira kufakitale. Pofotokoza molekyu, ine ndimakonda "kaumbidwe" kapena "kalumikizidwe ka maatomu". Ndi kaumbidweko kamene kamapatsa mankhwala mphamvu. Molekyu ya amphotericin B ndi mkombero waukulu: mbali imodzi imagwirizana ndi madzi, inayo ndi mafuta, ndipo kumbali ya mafutayi kuli mabondi awiriawiri (malumikizidwe ophatikiza a pakati pa maatomu) 7 ondondozana. Pa nystatin mzerewu unaduka, 4 kwina, 2 kwina, ndipo mphamvu yake ndi yocheperapo. Kumapeto kwa mkombero kuli kashuga kotchedwa mycosamine, kamene kamagwira ergosterol, mtundu wa mafuta a pakhungu la selo ya fangasi. Khungulo limabooka, potaziyamu nkutayikira kunja, selo nkufa. Kashugako kakachotsedwa, mankhwala sagwiranso ntchito.

Auzeninso ana chifukwa chake "opha mafangasi" sakutanthauza kuti munthu samupweteka. Cholesterol wa m'maselo athu amafanana ndi ergosterol, n'chifukwa chake amphotericin B, amene amaperekedwa m'dripi kwa odwala cryptococcal meningitis (matenda oumitsa khosi oyamba ndi fangasi), amatha kuvulaza impso ndi kutsitsa potaziyamu m'magazi. Amasungunulidwa m'madzi a shuga (dextrose wa 5%), osati m'madzi amchere, poti m'menemo amaundana. Nystatin salowa m'magazi kuchokera m'matumbo, motero pochiza Candida wa m'kamwa kwa wamkulu tisamangoti "imwani". Tiziti "vumatani pang'ono, kenako mumeze".