Chifukwa chake ndege inakweranso itatsala pang'ono kutera

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu lija, loti dzulo ndege itatsala pang'ono kutera, kunja kukugunda mabingu, injini zinangobangula n'kukweranso m'mwamba. Musadandaule, oyendetsa sanasokoneze ayi. Nyengo ngati imeneyo amaopa wind shear, kutanthauza mphepo yosintha liwiro kapena kolowera mwadzidzidzi. Yoopsa kwambiri ndi imene amati microburst.

Imakhala chonchi. Mpweya wozizira umagwa kuchokera mumtambo wa mabingu, ukafika pansi n'kumwazikira mbali zonse, ngati mwakhuthula ndowa ya madzi pasimenti. M'lifupi mwake sipitirira makilomita 4, ndipo kawirikawiri pomatha mphindi 15 yazilala. Ndiye ndege ikalowamo ili kale m'munsi, imayamba kukumana ndi mphepo yochokera kutsogolo. Liwiro pageji limakwera, ndege n'kuyandama pamwamba pa mzere wake wotsikira. Msampha uli pamenepo, chifukwa dzanja limafuna kuchepetsa moto wa injini. Pakangopita masekondi ochepa mphepo ija yayamba kukankhira ndege pansi, kenako ikuwomba kuchokera kumbuyo. Mapiko amafooka, ndipo injini ya jeti sidzuka pompo, imafuna masekondi angapo. Nthaka ili pafupi.

N'zimene zinagwetsa ndege ya Delta 191 ku Dallas, m'dziko la America, pa 2 Ogasiti 1985. Inagunda pansi isanafike potera, n'kuphwanya galimoto pamsewu, anthu oposa 130 anamwalira. Amene anayamba kulongosola mphepo imeneyi ndi Ted Fujita wa ku University of Chicago, atafufuza ngozi ina ya ku New York mu 1975.

Masiku ano ndege zikuluzikulu zili ndi radar kumphuno imene imayeza mayendedwe a madontho a mvula kutsogolo, n'kuchenjeza ndege isanalowemo. Oyendetsa akapezeka ali kale m'kati mwa microburst, lamulo lake ndi limodzi: moto wonse wa injini, mphuno m'mwamba pafupifupi madigiri 15, mapiko asapendeke. Matayala ndi ma flap (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zimene amatsitsa potera) sawakhudza mpaka atatulukamo, poti zitseko za matayala zikamatseguka zimabweza liwiro pa nthawi yolakwika.

Akatero amazungulira kudikira mtambo udutse, apo ayi amakatera pabwalo lina. Mafuta a zimenezo amawerengeratu asananyamuke.