Chifukwa chimene Pantaleon Woyera anaphedwera

Mwafunsa chifukwa chimene Pantaleon Woyera, dokotala wa ku Nicomedia (mzinda wakale wa m'dziko limene lero ndi Turkey), anaphedwera. Malinga ndi mwambo wa Mpingo, iye anali dokotala wa mfumu Galerius, mmodzi mwa mafumu a Aroma, ndipo wansembe Hermolaus atamubwezera ku chikhulupiriro chachikhristu cha amayi ake, anayamba kuchiza amphawi osalandira malipiro. Zimenezi zinawawa madokotala anzake, amene chifukwa cha nsanje anakamuneneza kwa mfumu pa nthawi ya chizunzo cha Akhristu cholamulidwa ndi Diocletian, mfumu yaikulu ya Aroma, chomwe chinayambira mumzinda womwewo m'chaka cha 303. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti mfumuyo inkafuna kumupulumutsa, koma iye anakanitsitsa kupereka nsembe kwa milungu yachikunja. Atazunzidwa kwambiri, anadulidwa mutu cha m'ma 305, ndipo Mpingo umamukumbukira pa 27 Julaye.