Zithunzi zakuda kapena zokuda?

Funso: Ndikulemba za Pierre Soulages, mmisiri wa ku France amene kuyambira 1979 ankapaka utoto wakuda wokhawokha pa zithunzi zake. Kodi ndilembe kuti "zithunzi zokuda" kapena "zakuda"? Nanga ndi bwino kunena kuti ndi "zamtundu umodzi"?

Yankho: Lembani kuti zakuda. Tsinde la mneniyu ndi -da, la phatikizo limodzi, ndipo aneni aafupi otere sataya ku- wawo. Ndiye chifukwa chake timati chakudya, chakumwa, chakupsa. Aneni aatali ndi amene amaphatikiza cha- ndi ku- n'kupanga cho-: choyera, chofiira, chobiriwira. "Zokuda" mudzazimva ndithu m'kamwa mwa anthu, koma polemba musiyeni.

Chenjerani pena. Kuda n'kuthimbiriranso. Mukangoti "chithunzi chakuda", wina ayesa kuti chagwira fumbi. Mukawonjezera mvekero, "chakuda bii", palibenso wosokonezeka.

Komabe kwa Soulages, bii yekhayo akuperewera. Mkuluyu ankaunjika utoto wokhuthala, kenako n'kuukanda ndi burashi kapena kuusalaza ndi mpeni, pena mizere yothithikana, pena posalala. Kuwala kukagwerapo, mbali ina imati waliwali, ina n'kukhala bii, ndipo munthu akasuntha pang'ono zonse zimasintha. Iye mwini anazitcha outrenoir, kutanthauza kupitirira pa kuda. Musavutike kulipezera dzina limeneli mnzake wa Chichewa. Fotokozani zimene diso likuona, mvekero tili nazo zokwanira.

Za "mtundu umodzi" sindikukuletsani, kungoti mawuwa asenza zambiri: mtundu wa anthu, mtundu wa chimanga, mtundu wa nsalu. Wowerenga angamve ngati zithunzizo n'zofanana kapangidwe. Ine ndikanati "zopakidwa utoto umodzi".

Simunafunse za mneni, koma ndimutchule. Tikati kujambula, anthu amayembekezera kuona nkhope, mtengo kapena nyumba. Pa ntchito za Soulages palibe chooneka ngati chinthu, choncho kupaka ndi amene akukhala bwino. Mneni yemweyu agwiranso ntchito mukamanena za m'ma 1940, pamene ankapaka papepala madzi oderako ochokera ku makoko a mtedza wa walnut, omwe akalipentala amadetsera matabwa. Zina mwa ntchito zimenezo zili ku nyumba yosungiramo zithunzi zake ku Rodez, kwawo, yomwe inatsegulidwa mu 2014.