Khoma la chipinda chophikiramo thobwa: matailosi, penti kapena laimu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Mchesi, mumzinda wa Lilongwe. Amaphika thobwa logulitsa m'mabotolo, ndipo kukakhala chinkhoswe kwa abale amafululako masese. Zonsezi amachitira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, ka mamita 3 m'litali ndi 2.5 m'lifupi. Akuti anapaka penti chaka chatha chomwechi, koma pano watupa, akusupuka, ndipo m'makona mwada bii ndi chuku. Funso lawo ndi ili: "Ndiike chiyani pakhomapa kuti lisamawonongeke ndi madzi? Mwana wanga akuti tigule mapepala omata pakhoma aja, pomwe mmisiri akuti matailosi chipinda chonse."

Mayi, zikomo polemba. Ndalamazo yambani mwazisunga kaye, chifukwa choyamba n'kudziwa kumene madziwo akuchokera. Dulani pulasitiki wowonekera mkati, kukula kwake ngati mpango wa kumutu, mumumate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, chapansi pomwe penti wawonongeka kwambiri. Phikani monga mwa masiku onse. Pakatha masiku awiri mukaone. Mukapeza timadontho kunja kwa pulasitikiyo, ndiye kuti vuto ndi nthunzi ya mumgolo wanu. Timadontho tikakhala kunsi, pakati pa pulasitiki ndi khoma, chinyezicho chikuchokera m'khoma momwemo: mwina pomanga sanayale pulasitiki wakuda uja pamwamba pa maziko, kapena madzi a padenga amagwera m'tsinde mwa khoma nthawi ya dzinja. Chizindikiro china ndi kaufa koyera ngati mchere kotuluka pa pulasitala. Khoma lotere mukalitseka ndi matailosi, chinyezi chimangokwera n'kukatulukira pamwamba pa matailosiwo kapena kuchipinda chinacho. Konzani kaye kunja: ngalande, khonde la simenti lotsetsereka, ndi denga lotuluka mokwanira.

Koma malinga ndi mmene mwafotokozera, ine ndikuganizira nthunzi. Phala la thobwa limakhala pamoto nthawi yaitali, ndipo madzi onse amene amaphwera mumgolomo sapita kutali. Amakakhala pakhoma lozizira ndi kunsi kwa malata, makamaka mu Juni ndi Julayi, kenako n'kumayenderera. Nthunziyo imasiyanso chakudya cha chuku: tizidontho ta phala, fumbi la ufa ndi la chimera. Palibe penti amene angapirire zimenezi m'chipinda chotsekeka. Boolani khoma chakumwamba, pafupi ndi moto, muike njerwa za mabowo, ndipo zina muziike chapansi mbali inayo kuti mphepo izidutsa. Izi zikutetezani inunso, poti makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, ndipo masese akamawira m'mbiya amatulutsanso mpweya wina wolemera umene umakhazikika pansi.

Tsopano za zophimbirazo. Mapepala a mwana wanuwo ayi ndithu. Guluu wake amasungunuka ndi nthunzi, ndipo kuseri kwake kumasanduka mudzi wa mphemvu. Mapulayiwudi amatupa. Timatabwa ta pulasitiki wa PVC timene tadzaza m'mahadiweya masiku ano sitiopa madzi, n'zoona, koma timapindika ndi kutentha, ndipo tikagwira moto utsi wake ndi woipa. Tikadakhala toyenera kukanakhala kuti mumaphikira panja, m'chipindamo n'kumangothiramo thobwa m'mabotolo.

Mmisiri wanu walasa, koma wapitirira. Matailosi onyezimira ndi abwino pamene phala limathovokera ndi pomwe mumatsukira, kuyambira pansi kufika mamita 1.5. Chipinda chanu kuzungulira ndi mamita 11, ndiye kuti masikweyamita 16.5, pochotsa chitseko n'kuwonjezera ena osweka podula, mukagula 17 akukwanani. Kufikitsa kudenga ndi kuwononga ndalama, komanso chipinda chonyezimira paliponse chimangochucha madzi ngati bafa.

Pa matailosi, chimene ambiri amachiphonya ndi mipata ija ya pakati. Thobwa likamasasa limakhala ndi asidi, ndipo asidi amadya simenti pang'onopang'ono. Girauti wamba, simenti yotsekera mipatayo, amakumbika, phala n'kumabisala m'timing'alu, n'kumaola. Thobwa lanu likayamba kusasa msanga kapena kumveka kafungo kachilendo, nthawi zina gwero lake limakhala pomwepo. Ngati thumba likulola, funsani girauti wa epoxy, amene salowa madzi ndipo asidi samudya. Ngati ayi, sankhani matailosi akuluakulu kuti mizere ichepe. Mumuuzenso mmisiriyo kuti apake zomatira pa tailosi yense, osati timadontho tisanu monga ena amachitira pofuna kupulumutsa thumba. Gogodani ndi chala akamaliza: yolira ngati ng'oma ili ndi mphako kuseri.

Matailosi akakukanikani chaka chino, penti wa mafuta wonyezimira amathandiza pachigawo chomwecho, bola khomalo likhale louma. Palani yense wakale uja, tsukani chuku ndi Jik wosungunula m'madzi, chitseko chili chotsekula, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira. Pomwe mwakonza ndi simenti dikirani masiku 28, kenako muyambe ndi penti woyambira wa pa pulasitala. Simenti ikakhala yaiwisi imafewetsa penti wa mafuta, amanata ngati sopo. Ndinaziona ndekha kukhitchini kwathu titathamangira kupaka kuti alendo apeze poyera. Sanathe miyezi itatu.

Kumwamba kwa matailosi, ine ndimakonda laimu, yemwe ena amamuona ngati wachikale. Laimu amalola khoma kupuma: amamwa chinyezi pang'ono n'kuchibweza kukatentha, ndipo chuku sachedwa kugonja pa iye. Sachapika, inde, koma ndi wotchipa moti mukhoza kupakanso kawiri pachaka, mwaye ukachuluka. Ngati khoma lanu ndi la zidina, laimu ndiye njira yokhayo yanzeru, poti matailosi amalemera ndipo amagwa pamodzi ndi pulasitala.

Patsala kuseri kwa moto. Apo penti amapsa, tailosi amang'aluka ndi nkhuni zikamalilima. Khomerani lata losalala pa tizitsulo, lisagunde khoma, pakhale mpata wolowa zala ziwiri kuti mphepo izidutsa kuseri. Likada mwaye mumangopukuta ndi phulusa, likachita dzimbiri mumasintha lokhalo.

Mukachita za pulasitiki zija, mundilembere zomwe mwapeza, ndipo munenenso ngati denga lili ndi siling'i kapena ndi malata okhaokha. Ngati ndi malata, madontho ena akugwera mumgolo mwenimwenimo, ndiye mbiya zosasitsira muziike mbali ina ndipo muzizivindikira.